Kachalitchi kanga ka St Michael kafika padenga

Sabata ino ndamaliza makoma onse a kachifaniziro ka tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre Mission, ndipo tsopano ndili padenga. Ndikumanga pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kachifaniziroka ikuimira masentimita 50 pa tchalitchi chenicheni. Tchalitchi chenichenicho n'cha mamita pafupifupi 32 m'litali, ndiye changachi chikukwana masentimita 64, kutanthauza kuti thebulo lodyera lonse ndalanda ine.

Mafupa ake ndi katoni yolimba, ija amaikamo firiji, yomata ndi guluu wa matabwa. Pamwamba pake ndimamata dongo lopyapyala losefa bwino, ndipo lisanaume ndimalemba mizere ya njerwa ndi singano yosokera matumba. Pa sikelo imeneyi njerwa imodzi sikwana n'komwe theka la sentimita. Maso amawawa, khosi limauma, koma apa m'pamene pagona ntchito yonse, chifukwa kukongola kwa tchalitchichi ndi njerwa zake. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo si zamtundu umodzi ayi. Zina n'zozungulira m'mbali, zina zosongoka, zina zoumbidwa mwapadera kuti zikhale pamakomo okhota aja. Mukaima pafupi ndi khomo lalikulu mumaona kuti mzere uliwonse wa njerwa uli ndi mpangidwe wakewake. Zimenezo sindingazilembe ndi singano, choncho ndaziumba payokhapayokha, tinthu tating'ono ngati njere za mpunga, n'kumazimata ndi kachitsulo kozulira nsidze.

Utoto wa m'sitolo ndaukana. Umawala kwambiri, khoma n'kumaoneka la pulasitiki. Ndikugwiritsa ntchito dothi la katondo losakaniza ndi guluu ndi madzi pang'ono, ndipo pena ndimathira phulusa kuti pade monga mmene mvula yadetsera khoma lenileni.

Nsanja ziwiri za kutsogolo sizofanana, ndipo ndazisiya momwemo. Mnzanga wina anati ndizilinganize kuti zioneke bwino, koma ndikatero ndiye kuti ndamanga tchalitchi china. Denga lozungulira la pakati ndaumbira pa mpira wa ana wodula pakati, ndi mapepala onyika m'phala la ufa wa kondoole. Likuuma pakhonde.

Mwezi wamawa ndikachionetsa pasukulu ina yapafupi ndi kwathu, pamodzi ndi kachifaniziro ka Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kamene ndinamaliza chaka chatha. Pali chinthu chimodzi chimene ndatsimikiza mumtima. Anthu akamakamba za St Michael amatchula Scott basi, pamene manja amene anaponda dothi, kusenza nkhuni za uvuni ndi kukwera pamwamba ndi njerwa anali a makolo athu akuno. Choncho kumbali imodzi ya bolodi ndiikako uvuni wa njerwa, chikombole, ndi tianthu ta waya tovala nsalu tikugwira ntchito. Ndikufuna mwana akaweramira pathebulopo afunse kuti awa ndani.

Chatsala ndi mawindo. Ndatolera mapepala oonekera okulungira maswiti, ofiira ndi obiriwira, ndipo Loweruka ndiyesa kuika kababu ka tochi mkatimo ndione ngati mitundu yake ituluke bwino.