Mmene ndinasandukira womanga mvula ku Mtendere

Novembala anali atafika pakati, mvula osagwa. Ku Mtendere kuno tinkangoyang'ana kumwamba, thukuta lili kamukamu. M'masiku amenewo mwana wa mlongo wanga anabwera ndi ntchito ya kusukulu, akuti apange mtambo m'botolo.

"Malume, inu munaphunzira, ndithandizeni." Ine n'kukonza kolala.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Mumathira timadzi tofunda m'botolo lapulasitiki, n'kuyatsa machesi, kuzimitsa, kulowetsamo utsiwo, n'kutseka. Mukalifinya kenako n'kulisiya, mkati mumachita chifunga. Nthunzi ya madzi sisanduka dontho payokha, imafuna kanthu kokakamirapo: kafumbi, kamchere kouluka m'nyanja zamchere, kapena tinthu tosaoneka ndi maso ta mu utsi wa makala ndi wa tchire. John Aitken wa ku Scotland anazionetsa zimenezi kalekale mu 1880.

Tili pakhonde, ine ndikufinya, mwana akukuwa, "Wabwera! Wapita! Wabweranso!" Osadziwa kuti amayi eni nyumba aima pawaya wa zovala, akutiyang'ana.

"Bambo, mwatsekeramo chiyani m'botolomo?"

"Mtambo, amayi."

Anasiya zovala m'beseni. Posakhalitsa pabwalo panadzaza, ngakhale mnyamata wometa uja anabwera ndi makina ake m'manja.

Apa m'pamene sukulu inandipweteketsa. Ndinaimirira n'kuyamba kuphunzitsa. Ndinati utsi ukachuluka, monga anthu akamatentha tchire kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, madzi omwewo amagawikana pa tinthu tambirimbiri. Madontho amachuluka koma amakhala ang'onoang'ono, savutika kulendewera m'mwamba, ndipo amachedwa kugundana kuti alemere n'kugwa. Ndinawonjezanso kuti tinthu ta utsi sitikoka madzi msanga ngati mchere, komanso kuti mu 2000 asayansi anafika mpaka ku Mongu, kumadzulo kwa Zambia, kudzayeza utsi womwewu.

Agogo ena anagogoda ndodo pansi. "Mwamva nonse? Wanena yekha kuti utsi umachedwetsa mvula. Nanga utsiwo wagwira ndani?"

Ndinaloza mbaula zomwe zinkafuka khomo ndi khomo. Palibe anatembenuka.

Amayi aja analanda botolo, n'kulilozetsa kumwamba atalitalikitsa ndi nkhope, n'kutsegula. Mwana anayamba kulirira ntchito yake, ine ndinauzidwa kuti za lendi tikambirana bwino mawa.

Usiku womwewo mvula inagwa, yamabingu, ngalande zonse kusefukira.

M'mawa anthu ankandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinayesa kunena kuti nyengo yake inali itakwana kale, iwo n'kumangoti, "Inde bambo, tamva." Chakumasana kunabwera mayi wina, n'kugwada pakhomo, n'kunong'ona kuti Loweruka mwana wake ali ndi kichini pate, ndiye ndi zingati kuti ndiigwireko mvula mpaka madzulo. Anali atanyamula chigubu cha malita 20, poti akuti alendo adzachuluka.