Batire la kasitomala laphedwa ndi switch yopanda UPS, osati script

Anzanga a m'ma lab, sabata ino yanditopetsa koma za Lachinayi ndiye zandiwawa kwambiri. Lolemba mpaka Lachitatu zinali za masiku onse, kuyeza ma charge controller a sola amene angofika, script yanga, yolankhula ndi zida zoyezera kudzera pa pulogalamu ya PyVISA, ikulemba zonse mu fayilo ya CSV. Multimeter yathu yakale ija idakali pa GPIB, njira yakale yolumikizira zida ku kompyuta, ndipo adaputa yake ndi imodzi yokha, timachita kulandirana ndi a calibration, ndiye Lachiwiri mmawa wonse ndinangokhala kudikira.

Lachitatu poweruka ndinasiya batire la lead acid la 200Ah pa capacity test, kuyeza mphamvu imene limasunga, load (chida chokoka magetsi m'batire) ikukoka 20A kwa maola 10. Mukudziwa kale mmene zimayendera, script imalamula load ndi ma command a SCPI, chilankhulo cha zida zoyezera: imafunsa voltage ndi MEAS:VOLT? pafupipafupi, ikangoona 10.5V imatumiza INP OFF kuti load isiye kukoka basi. Load yathu ndi yotchipa, ilibe cut-off yakeyake, imangomvera zimene yauzidwa pa LAN, port 5025. Load ndi laptop zili pa inverter koma switch ya netiweki imene zonse zimadutsira ili ku ofesi ya a IT pa soketi wamba, yopanda UPS, kachida ka batire kothandiza magetsi akazima. Usiku magetsi anazima, switch nkufa, mu log mwangodzaza VI_ERROR_TMO, uthenga woti load sikuyankha. Magetsi atabwera router inapatsa load IP ina, script nkumangogogoda pa adiresi yakale popanda woyankha, kwinaku load ikukokabe 20A zake. Mmawa ndapeza batire lili pansi pa 7V, lotentha, ndipo ndi la kasitomala amene amadikira lipoti tsiku lomwelo.

Bwana atafika mawu oyamba akuti zamakompyuta zanuzi ndi zimene zaononga, kale tinkangoika munthu ndi kope usiku wonse. Apa mtima unandiwawa zedi amangwetu. SCPI si zoyeserera zanga ayi, ilipo kuyambira 1990, yakhazikika pa standard ya IEEE 488.2, ma lab a dziko lonse lapansi amagwiritsa yomweyi. Ndinawaonetsa log, nthawi imene link inaduka ikuoneka poyera, ndinalumikiza load nkufunsa SYST:ERR?, command yofunsa zolakwika zimene yasunga, iwo akuona, yayankha 0,"No error". Kutanthauza kuti palibe command yolakwika imene inalandira, INP OFF siinafike nkomwe. Ndipo requisition ya ka UPS kakang'ono ka switch ija ndinalemba kalekale, pamodzi ndi pempho loti a IT atipatse ma static IP, ma adiresi osasintha, a zida za mu lab, zonsezo zili pa tebulo lawo lomwelo, yankho nthawi zonse ndi lakuti bajeti kulibe. Lero tikugula batire latsopano, ndalama zake zokwana kugula ma UPS angapo.

Ndipo munthu wa kope amene akumunenayo ndi ndani? Ndi mnyamata wa attachment amene samalandira ngakhale ya minibasi, akhale maso mpaka 3 koloko mmawa pafupi ndi batire lotulutsa gasi, mu chipinda choti fani yake inafa. Zimenezo ine sindingavomere.

Lachisanu ndachotsa load pa netiweki ya ofesi, kebulo yachoka pa laptop kulunjika pa load, IP ndaika pamanja. Ikugwira bwinobwino koma ndiye kuti sindingaonenso test ndili kunyumba. Ndawauza a bwana, ndalembanso pa imelo, kuti test ya usiku yodutsira pa switch ija sindiyambitsanso mpaka UPS igulidwe.