Soda wa m'chifu ndi mapiritsi a malume anga

Mu Okutobala chaka chatha, dzuwa la kuno ku chigwa cha Shire likuswa mtengo, ndinawapeza malume anga ku Ngabu akusungunula soda wophikira thelere m'kapu ya madzi. "Mphwanga, chilungulira chandisautsa miyezi itatu, ndipo chondipatsako mpumulo ndi ichi basi," anatero. Pawindo panali timapepala ta ibuprofen ndi diclofenac, mapiritsi oletsa ululu omwe ankagula pa okala n'kumwa m'mamawa m'mimba mulibe kanthu, kuti msana uwalole kukasosa m'munda wa thonje.

Chimene chinandimvetsa chisoni n'chakuti thupi lawo linkapanga kale soda wa mtundu womwewo, ndipo mapiritsi aja ndiwo ankamuchepetsa. Chifu chimatulutsa asidi wamphamvu kwambiri, amene pa muyeso wa ukali wa asidi wotchedwa pH (nambala ikatsika ndiye kuti asidi wakula ukali) amatsika mpaka pa 1 kapena 2, woti akanatha kugaya chifu chenichenicho. Chimachitchinjiriza ndi ntchofu yoterera ngati thelere imene maselo a khoma la mkati amatulutsa, yopyapyala yosakwana n'komwe milimita imodzi, ndipo pansi pa ntchofuyo maselo omwewo amathira mosalekeza bicarbonate, yemwe ndi soda wa mtundu womwe uja. Asidi akamalowerera mu ntchofu amakumana ndi bicarbonate n'kutha mphamvu, moti pofika pa maselo penipeni pH imakhala pafupi ndi 7, ngati ya madzi akumwa.

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'chigawo choyamba cha matumbo chili ndi asidi yemweyo, ndipo kumeneko ntchito imakula. Khoma la matumbo limatulutsa bicarbonate wakewake, komanso limatumiza m'magazi uthenga wotchedwa secretin, umene umauza kapamba kuti athire madzi okhala ndi bicarbonate wambiri. Uthenga umenewu anautulukira William Bayliss ndi Ernest Starling ku London mu 1902.

Tsono ntchofu ndi bicarbonate sizingotuluka zokha. Zimadalira tinthu totchedwa prostaglandin, tomwe timalimbikitsa maselo kuzitulutsa komanso kuthandiza kuti magazi aziyenda bwino m'khoma la chifu. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amaletsa ululu poletsa thupi kupanga prostaglandin, ndipo sasankha malo: akamatonthoza msana amakhala akupyapyalitsanso chitetezo cha m'chifu. Munthu akakhalanso ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti kamayambitsa zilonda za m'mimba n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2005, khomalo limaukiridwa mbali ziwiri.

Soda wa m'kapu amaziziritsadi chilungulira, sindikukana, koma ndi kwa kanthawi kochepa. Samata khoma ngati mmene ntchofu imachitira, amadzaza mpweya m'mimba, ndipo sodium amene ali m'menemo, yemwenso amapezeka mu mchere, si wabwino kwa munthu wa BP yokwera. Choopsa kwambiri kwa ine n'chakuti amabisa chilonda chimene chikunka chikula.

Nditawafunsa mwaulemu za chimbudzi chawo, malume anazengereza, kenako anavomera kuti masiku ena chinkatuluka chakuda bii ngati phula la mumsewu, chomwe ndi chizindikiro chakuti m'mimba mukutuluka magazi. Tinapita ku chipatala tsiku lomwelo pa njinga ya kabaza. Anawapatsa omeprazole wochepetsa asidi, anawaletsa mapiritsi aja, ndipo anawauza kuti msana ukavuta azimwa paracetamol. Soda uja anabwerera ku khitchini kwa azakhali.