Loweruka la msonkhano wa bwalo lathu ku Mabvuku

Lero kunali msonkhano wa bungwe la anthu okhala m'dera lathu la Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ine monga mlembi ndinalawirira ndi kope la maminitsi. Tinakumana pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi, popeza holo amalipiritsa ndipo thumba la bungwe ndi lopepuka. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena atasenza mipando yawo. Chinawatulutsa m'nyumba ndi bwalo lija la kumapeto kwa laini yathu, pomwe ana amamenyera mpira m'chilimwe ndipo m'dzinja madzi amadikha.

Apampando anati tiyambe ndi za msewu. M'mawa uliwonse makombi ndi timagalimoto ta mushikashika, tija tonyamula anthu popanda chilolezo, timathawa mzere wa pa msewu waukulu wopita ku Mutare Road n'kumadutsa m'malaini mwathu, nthawi yomweyo imene ana akupita ku sukulu. Chiyambire pamene ku Caledonia, dera loyandikana nafe, kunadzaza nyumba, magalimoto odutsa kuno achuluka kwambiri. Koma timisewu tathu ndi takale. Mabvuku anamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito, ambiri a iwo ogwira m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Greendale, anthu oyenda pa njinga kapena pa basi. Amene anajambula mapu sanaganizeko zoti Honda Fit ziwiri zidzapatukirana pakhomo pathu, mwana wa giredi wani ali pakati.

Anyamata ena anati tisadikire munthu, tithire dothi ndi zidutswa za njerwa tipange mahampu athu, zitunda zochepetsa liwiro la magalimoto. Apampando anakana. Anati msewu ndi wa khonsolo, ndipo hampu yongounjika usiku, yopanda penti kapena chikwangwani, ikagwetsa wa njinga yamoto mlandu ukhala wathu. Tinagwirizana zolemba kalata yopempha mahampu ndi mizere yowolokera pafupi ndi sukulu, kudzera kwa khansala.

Pamenepo anaimirira achimwene ena a laini ya kumtunda, amene amayendetsa kombi. Analankhula mofatsa: "Makolo, ife sitithamanga chifukwa chokonda. Mwini galimoto amafuna ndalama yake yokwana madzulo, kaya kunali mzere kaya kunalibe." Ndinawamvetsa. Ndikukumbukira mu 2020 makombi ataletsedwa n'kusiya kampani ya mabasi ya boma ya ZUPCO yokha, mabanja ngati lawo anavutika, ndipo m'pamene mushikashika anachulukira. Komabe mwana wowoloka msewu sadziwa za ndalama ya bwana. Ndinayamikira kuti achimwenewo anavomera kukalankhula ndi anzawo pa renki ya pa Kamunhu kuti nthawi yolowa ndi yoweruka ana asamadzere kwathu.

Za malo ogoneka magalimoto sitinachedwe nazo. Anyamata amene amalondera magalimoto usiku pa dola imodzi atithandiza, kuba mabatire kwachepa. Vuto ndi loti mpanda wawo ukusendera m'bwalo mwezi ndi mwezi. Tinapangana kuti asapyole pa magolo, iwonso anavomera.

Nkhani yeniyeni inabwera ndi aphunzitsi ena opuma pa ntchito. Anatulutsa pepala lodula m'nyuzipepala, tizilembo ting'onoting'ono ta kumasamba akumapeto kumene ambirife sitiwerenga. Munthu wina wapempha chilolezo chosintha ntchito ya bwalolo kuti amangepo mashopu ndi pomwetsera mafuta. Apa m'pamene tinamvetsa zikhomo zija tinaziona zitakhomedwa m'udzu.

Aphunzitsiwo anafotokoza bwino, ndipo ndikulemba pano kuti anzathu a ku Tafara, Mufakose ndi Dzivarasekwa adziwe. Lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limafuna kuti pempho lotere lilengezedwe, ndipo aliyense wosagwirizana nalo alembe zifukwa zake pasanathe mwezi umodzi kuchokera tsiku limene chidziwitso chinatuluka koyamba. Kudandaula pa chitsime kapena pa gulu la WhatsApp sikuwerengedwa. Chowerengedwa ndi kalata yofika ku ofesi ya mapulani ku Cleveland House nthawi isanathe. Chachiwiri, bwalo lathu mbali ina ndi dambo, ndipo lamulo la Environmental Management Act sililola kumanga pa dambo popanda chilolezo cholembedwa, choncho kalata ina ipite ku EMA, bungwe la boma loona zachilengedwe. Kuno mipopi inauma kalekale, timamwa za m'zitsime ndi m'mijigo. Thanki ya mafuta yokwiriridwa pa dambo ikadontha, adzamwa ndi ana athu. Anatikumbutsanso kuti ku Monavale eni dera anaimirira pa dambo lawo mpaka linalowa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la mayiko la Ramsar mu 2013, pamene dambo la pafupi ndi National Sports Stadium lero pali mashopu.

Onse anawomba m'manja. Koma nditayendetsa pepala loti aliyense alembe dzina, nambala ya nyumba ndi nambala ya chitupa, linafika pa benchi ya akuluakulu n'kuima. Analipatsirana osalemba kanthu. Agogo aakazi a nyumba ya pakona, amene bambo awo anabwera kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya n'kugwira ntchito ku fakitale ya simenti, anandikodola.

"Mwanawe, ife mutisiye. Dzina likapita ku ofesi, mawa adzati achimwene awa akuvuta, si kwawo kuno."

Mawu amenewa anandilasa mtima, ndipo mpaka pano sanandichoke. Agogowa anabadwira konkuno. Nyumba imene akukhala akhala akulipira mabilu ake kuyambira ine ndisanabadwe. Mitengo ya mango ya m'mbali mwa bwalo anabzala ndi amuna awo. Mantha awo si opanda pake. Anaona lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique n'kupezeka ali alendo m'dziko lobadwira, zitupa zawo zili ndi chilembo cha mlendo, ndipo ambiri anabwezedwa pa mzere wovota. Anaonanso Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba mu 2005, zipinda za kuseri zikugwetsedwa, anthu akuuzidwa kuti abwerere kumudzi pamene mudzi wawo ndi Mabvuku yemweyu. Munthu wodutsa m'zimenezi amaphunzira kubisa dzina.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza kuti: "Agogo, malamulo aakulu a dziko a mu 2013, gawo 43, amati wobadwira muno malamulowo asanatuluke, kholo lake lili la dziko la SADC, iye akukhala muno, ndi nzika yobadwa. Ndiponso kalata iyi sikufunsa kumene makolo anu anachokera. Ikufunsa amene akukhala pafupi ndi bwalo, ndipo palibe wapafupi kuposa inu." Aphunzitsi aja anabwereza zomwezo m'Chishona kuti ena onse amve, ndipo mayi wina wa Chizezuru, mtundu wina wa Ashona, anati iye alemba dzina lake pamwamba pa onse, kuti wofunsa ayambire kwa iye. Mayi ameneyu ndamulemekeza kwambiri lero.

Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anamasula kansalu kamene amamangamo chitupa n'kundipatsa kuti ndikopere nambala. Anasaina okha, pang'onopang'ono. Anzawo ena anatsatira. Abambo awiri anakana ndithu, ndipo sitinawakakamize.

Sindikana chitukuko. Mashopu tikuwafuna, anyamata athu akusowa ntchito, ndipo amene anaona mphambano yatsopano ya misewu ya Trabablas, pamene panali raundiabauti ya Mbudzi, akudziwa kuti zomanga zikakonzedwa bwino zimapeputsa moyo. Chimene ndikukana ndi choti pomwetsera mafuta pabwere pa dambo, m'kamsewu kamene kakulephera kale makombi, eni malo n'kumva zikhomo zitakhomedwa. Ndipo zimandiwawa kuti amene akhala pano nthawi yaitali kuposa tonse ndi amene akuopa kulankhula.

Madzulo ndinakhala ndi aphunzitsi kulemba makalata atatu aja m'Chingerezi: ya mahampu, yotsutsa pempho, ndi ya ku EMA. M'kalata yotsutsa taikamo zinthu zooneka ndi maso: mtunda wochokera pa bwalo kufika pa zitsime, geti ya sukulu, ndi zithunzi za madzi odikha zimene mtsikana wina anajambula dzinja lathali. Mawa tikaweruka ku tchalitchi tiyenda khomo ndi khomo m'malaini otsala, ine nditenga nyumba za akuluakulu kuti ndikawafotokozere m'Chichewa. Lolemba apampando ndi ine tikwera kombi yoyamba kupita m'tauni, ndipo kalata iliyonse tinyamula ziwiri, kuti ina atidindire chidindo tibwere nayo kwathu.