Amr Diab, woimba wa ku Egypt amene sanatsikepo pa mpando

Kuno ku chigwa cha Shire anthu ambiri akamva mawu a Chiarabu akulira pa foni amangoganiza kuti ndi mapemphero, popeza chilankhulochi timachimva kwambiri kumzikiti. Komatu pali nyimbo zambiri za Chiarabu zimene zimakamba za chikondi, kupukwa ndi kulekana kwa okondana, ndipo mwa oimba onse a nyimbo zoterezi palibe amene ndimamulemekeza kuposa Amr Diab wa ku Egypt.

Iyeyu anabadwa pa 11 Okutobala 1961 mumzinda wa Port Said, pamene ngalande ya Suez imakumana ndi nyanja ya Mediterranean. Atakula anasamukira ku Cairo kumene anaphunzira zoimbaimba, ndipo chimbale chake choyamba chinatuluka mu 1983, nthawi ya makaseti.

Chimene chimandigwira mtima ndi momwe anasinthira kaimbidwe ka kwawo popanda kukataya. Akuluakulu amene anamutsogolera, monga mayi Umm Kulthum, ankaimba ndi gulu lalikulu la zing'wenyeng'wenye, ndipo nyimbo imodzi yokha inkatha kutenga pafupifupi ola lathunthu anthu ali phee kumvetsera. Diab anafupikitsa nyimbo, nabweretsa gitala woimbidwa mwa Chisipanishi ndi kugunda kovinitsa achinyamata, koma ng'oma za kwawo anazisunga, ndipo anapitiriza kuimba m'Chiarabu chimene anthu wamba a ku Egypt amalankhula pamsika. Chimbale cha Nour El Ain cha mu 1996 ndicho chinamutulutsa kunja kwa maiko a Aarabu n'kumupezetsa mphoto ya World Music Award, ndipo nyimbo ya Tamally Maak ya mu 2000 oimba a maiko ena aibwereza m'zilankhulo zawo. Ine mawu ake sindiwamva, koma madzulo kutentha kwa ku Nchalo kukayamba kuzizira, ndikaika nyimbo imeneyi ngakhale ongodutsa pamsewu amafunsa dzina la woimbayo.

Ndikamamumvera ndimaganizira valimba ndi ng'oma za likhuba, zimene anyamata athu ambiri ojambula nyimbo m'masitudiyo a ku Ngabu ndi ku Bangula amazisiya pambali pothamangira kaimbidwe ka ku Nigeria ndi ku South Africa. Zimandiwawa, chifukwa chuma chimene munthu ameneyu anakwera nacho n'chofanana ndi chimene ife tikuchinyalanyaza.

Timaiwalanso kuti Diab ndi mnzathu wa mu Africa muno, moti mu 1991 anaimba pa mwambo wotsegulira masewera a All-Africa Games ku Cairo. Lero wapyola zaka 60, koma akutulutsabe nyimbo zatsopano, ndipo kumakonsati ake kumadzaza ana a anthu amene ankagula makaseti ake oyambirira.