Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kubwerera kwathu ku Mangochi

Paja tinalekezera ndikukwera basi ku Joni. Nde nditatsika ku Mangochi boma ndinapeza tauni yasintha ndithu abale anga, msewu wochokera ku Liwonde ataukonza bwinobwino, makabaza a njinga zamoto ali mbwee, mashopu atsopano ena osanja kumene. Zambiri mwa zimenezi ndi thukuta la anyamata ngati ife tomwe, ogona mothinana ku Johannesburg nkumatumiza ma rand kumudzi. Nanenso ndinachita lendi kashopu kufupi ndi msika nkuyamba kugulitsa masipeya a njinga zamoto.

Koma Mangochi amene ndinakuliramo ine anali wa nsomba. Bambo anga ntchito yawo inali yolongedza chambo mu ayisi, lole nkumanyamuka usiku wa ku Blantyre, ndipo fizi yathu, yunifomu, malata a nyumba, zonse zinkachokera m'madzi. Chambo chitayamba kusowa ku Malombe m'zaka za m'ma 1990, kaamba ka maukonde a maso ang'onoang'ono okokolola ndi tiana tomwe, ntchito ija inatha basi, bambo anangokhala pakhonde. Anthu amatinena kuti a ku Mangochi sitikonda sukulu timangoganiza za Joni, koma safunsa kuti chinatithamangitsa nchiyani.

Agogo aamuna mpaka kumwalira kwawo tauniyi ankaitchulabe Fort Johnston, dzina la azungu omwe anamanga linga m'mbali mwa Shire mu 1891 pofuna kutseka njira ya akapolo m'dera la mfumu Mponda. Amati nthawi yawo pano panali pa doko, sitima zimaima pompano. Ndi iwowo anandigwira dzanja kukandionetsa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ya 1903 ija pafupi ndi buliji, mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya ma German mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Pamenepo agogo ankavula chipewa.

Chimene chimandiwawa nchakuti chitukuko chonsechi chafulatira mtsinje. Aliyense akulimbirana puloti ya m'mbali mwa tala, pomwe kumtsinje kuja komwe tauni inabadwira nyumba zakale zikungong'ambika, alendo opita ku nyanja amangodutsa osaima ngakhale kulowa mu Lake Malawi Museum. Buliji ya Bakili Muluzi, imene anatithandiza kumanga a ku Japan, madzulo pamakhala pokongola zedi, bwanji osaika mabenchi, magetsi a sola ndi malo abwino oti amayi azikazingirapo nsomba? Ine ndinayamba kuikamba nkhaniyi kwa anzanga a mashopu, poyamba ankati zimenezo nza boma. Mmene tinagwirizanirana kuyamba kusesa kumeneko Loweruka m'mawa, ndidzakuuzani mu gawo 8.