Bwalo la kuseri: ndasankha njerwa zoyala, silabu ndaisiya

Bwalo la kuseri kwa nyumba yanga tsopano lakumbidwa, zikhomo ndakhoma, chingwe ndakoka. Ndi malo a mamita 5 mulitali ndi mamita 4 mulifupi, kuchokera pa chitseko cha khitchini kukafika mumthunzi wa mtengo wa mango. Ntchito inaima kaye chifukwa chosagwirizana pa nkhani imodzi: pamwamba pake tithire konkire, kapena tiyale njerwa? Ndasankha njerwa za simenti zoyala pansi, zija ambiri timangoti ma interlocking.

Mmisiri amene amandithandiza, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri kuno ku Chinamwali mu Zomba, ankafuna silabu ya konkire. "Bwana, thirani konkire mupume. Udzu sumera, kusesa n'kosavuta, mayi aziyanikapo mphale bwinobwino." Zonsezi n'zoona, ndipo mayi a kunyumba anali mbali yawo. Tinawerengera limodzi: silabu yokhuthala masentimita 10 pa malo amenewa ndi ma kiyubiki mita awiri. Posakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, pakanalowa matumba pafupifupi 13 a makilogalamu 50. Kuthira ndi tsiku limodzi ngati anyamata aganyu alipo okwanira, kenako kuithirira madzi sabata yathunthu kuti isaume mofulumira, ndipo mphamvu zake zenizeni imafika nazo pakatha masiku 28. Pa mtengo wokha, silabu inali kupambana.

Chimene chinandikaniza ndi nthaka ya pansi pake. Ife okhala m'munsi mwa phiri timawadziwa madzi a kuno. Kuyambira Disembala mpaka Malichi samangogwa kuchokera kumwamba, amabweranso kuchokera kumtunda, ena pamwamba ena pansi pa nthaka. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 ndinaona masilabu angapo m'dera lathu ali lende, pamwamba pali bwinobwino koma pansi madzi atakokolola dothi lonse, ukapondapo n'kumamveka kuti m'kati muli mphako. Silabu yotere imasweka, ndipo ikasweka palibe kukonza kwabwino. Umamata, chaka chamawa mng'alu uja wabwerera pomwepo.

Pabwalo langali palinso zinthu ziwiri zimene sizingachoke. Choyamba ndi mango uja. Pokumba tinapeza muzu wake wonenepa ukudutsa pakona, ukulunjika kumene kumatayidwa madzi otsukira mbale. Mtengowo sindidula, ndiwo umapangitsa kuti pabwalopo pakhalike mu Okutobala, ndipo mizu yake ipitiriza kukula kaya ndifune kaya ndisafune. Chachiwiri ndi paipi ya madzi yopita ku mpopi wa panja, imene yadutsa pakatikati penipeni. Tsiku limene idzadonthe, pa silabu ndiye kuti hamala ndi tchizulo, kenako chigamba choonekera mpaka kalekale. Njerwa zoyala umangozula zochepa, kukonza chavutacho, kusalaza mchenga n'kuzibwezera. Pena pakatitimira n'chimodzimodzi. Ndinawauza bambo aja kuti, "Bambo, ine sindikufuna chinthu chosaphwanyika, chimenecho kulibe. Ndikufuna choti chikavuta ndikonze ndekha Loweruka." Anaseka, koma anavomera.

Ndisanamizepo munthu: njerwa zoyala sizimwa madzi onse a mvula. Mipata ikadzaza mchenga ndi fumbi, madzi ambiri amayenda pamwamba basi. Mvula ya mamilimita 50 pa malo a masikweya mita 20 ndi malita 1,000, zigubu 50 za malita 20, ndipo pamenepo sitinawerengere ochokera pa malata. Ndiye kaya silabu kaya njerwa, madziwo ayenera kupatsidwa njira. Ndapendeketsa bwalo masentimita awiri pa mita iliyonse kuchoka kukhoma la nyumba, kutanthauza masentimita 8 kufika kumapeto, kumene kudzakhale ngalande. Poyeza ndagwiritsa ntchito kapaipi koonekera m'kati kodzaza madzi, chifukwa levulo ya m'manja ndi yaifupi pa mtunda wotere. Pamwamba pa njerwa padzakhala masentimita 15 kutsika kuchokera pa simenti ya m'nyumba, kuti madzi odontha asamathovukire kukhoma.

Ndinaganizirapo za njerwa zowotcha, zathu zofiirazi, chifukwa kukongola kwake sindingakukane. Ndinali nazo zina zotsala pa khola lakale la nkhuku. Nditagundanitsa ziwiriziwiri, zochepa zokha ndi zimene zinalira ngwee. Zambiri zinangoti phu, ndipo imodzi inanyenyeka m'manja. Ina ndinaiviika m'ndowa, inatulutsa thovu kwa kanthawi ikumwa madzi. Njerwa ya m'chikombole cha pamanja, yowotchedwa mu uvuni wa nkhuni, imapsa mosiyanasiyana: ya pafupi ndi moto imalimba, ya m'mphepete imatsala yosapsa. Pakhoma lopakidwa pulasitala imatha kukhala zaka, koma pansi, pamene pakupondedwa ndi kunyowa, imadyeka n'kumera ndere. Komanso kuotcha njerwa kumadya mitengo yambiri, ndipo aliyense akuona mmene m'mbali mwa phiri lathu mwayerera. Boma linaletsa kale njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda mu 2018. Lamulolo silifika pa kabwalo ka kuseri kwa nyumba yanga, koma sindinafune kuitanitsa uvuni watsopano chifukwa cha malo ongokhalapo madzulo. Zolimba zija ndazisunga, zidzazungulira bedi la maluwa.

Njerwa za simenti zimene ndagula ndi zamakona anayi wamba, masentimita 20 mulitali, 10 mulifupi, 6 kukhuthala. Zimalowa 50 pa sikweya mita, ndiye 1,000, kuwonjezapo zina zoti zidulidwe m'mphepete. Za masentimita 8 n'zapamene pamadutsa galimoto, kuno sizikufunika. Apa ndi pofunika maso kwambiri, chifukwa oumba ena amachepetsa simenti kuti thumba limodzi litulutse njerwa zambiri, ena amagulitsa zosakhwima. Ndinatenga msomali n'kumakanda m'mbali. Yabwino msomali umangosiya kamzere. Yoipa mchenga umayoyoka. Kwa woumba wina ndinabwerako chimanjamanja pa chifukwa chimenechi.

Pansi takumba pafupifupi masentimita 20. Dothi lakuda la pamwamba lonse lachoka mpaka tafika pa katondo wolimba. Pamenepo pabwera masentimita 10 a kwale wosakaniza ndi fumbi lake, kuthira pang'onopang'ono, kuwaza madzi ndi kutsindira. Chotsindira ndapanga ndekha: chitini cha penti chodzaza konkire, mpini wa khasu pakati. Kenako masentimita atatu a mchenga wa kumtsinje wosefa, njerwa pamwamba. Mchenga ndinauyesa m'botolo la madzi, kukhutchumula n'kuusiya udikhe. Matope amakhala pamwamba pa mchengawo, ndipo akachuluka mchengawo ndi wosayenera. Kayalidwe ndikufuna kopingasa ngati minga ya nsomba, chifukwa njerwa zimagwirana bwino kusiyana ndi kuzindandalika m'mizere yowongoka.

Konkire sindinaithamangitse yonse. M'mphepete monse mudzakhala mzere wa konkire wogwira njerwa, apo ayi zimayamba kumwazika kuchokera kunja. Pansi pa malata, pamene madzi amagwa mwamphamvu, pathiridwa kamzere ka theka la mita, chifukwa pamenepo mchenga wa m'mipata sungakhale. Pa mpopi, pochapira ndi potsukira mbale, ndavomera mawu a mayi a kunyumba: pakhala kasilabu kakang'ono kolunjika ku ngalande, poti ndi malo onyowa tsiku lililonse.

Ndikudziwa zimene ndadzisenzetsa. Udzu udzamera m'mipata, nyerere zidzatulutsa mchenga, tsache nalo lidzachotsa wina, ndipo m'miyezi ya chiperoni mbali ya kumango idzachita ndere yofunika kukwecha. Ntchito zoterezi ine ndimazikonda, n'chifukwa chake ndinayamba zokonza pabwalo.

Pakali pano kwale wafika, njerwa zaunjikidwa pafupi ndi mpanda, mchenga ndikuyembekezera. Loweruka lino tithira mzere wa m'mphepete ndi ngalande, ndipo zikalimba tiyamba kutsindira. Muzu wa mango uja taganiza zoulambalala, ngodya imeneyo tiisiya ya dothi.